Kuweta mwera m'thanki ya mbuna ku Randburg

Loweruka, 3 Juni 2023

Ndayamba kulemba chifukwa mutu wakana kusunga manambala. Thanki iyi ndaisamala miyezi 7, ndipo madamu akandifunsa kuti mwezi watha tinasintha chiyani ndimangokanda m'mutu. Tsono popeza pampu ya mafunde yafika dzulo, ndagula kope. Mwina ndi achimwene ena amene mukusamala mathanki a mabwana kuno ku Joni mutolapo kanthu.

Ndimagwira ntchito pa nyumba ina ya alendo ku Randburg: maluwa, dziwe losambira, ndi thanki ya nsomba imene ili pofikira alendo. Thankiyo ndi ya masentimita 240 mulitali, 70 mulifupi, 70 msinkhu, galasi lake la mamilimita 15. Madzi amafika masentimita 62. Mukachulukitsa mupeza malita 1,040, kungoti miyala yadyako malo. Lita imodzi ndi kilogalamu imodzi, ndiye mukaonjeza galasi, miyala ndi mchenga, miyendo yachitsulo ya tebulo lake yasenza katundu woposa tani.

Muli nsomba 45. Zambiri ndi mbuna: zachikasu zija za Labidochromis caeruleus, Cynotilapia afra, ndi Labeotropheus fuelleborni 6. Mulinso Aulonocara 4 zimene zinagulidwa chifukwa cha maonekedwe, popanda kuganizira ngati zingapirire ndewu za mbuna. Madamu atamva kuti kwathu ndi ku Chembe, m'mbali mwa nyanja ya Malawi, anangoti basi, nsombazi ndi abale ako, uzizisamala. Sindinawauze kuti kwathu mbuna ndi za ana oponya mbedza pamiyala, akuluakulu maso awo ali pa chambo, utaka ndi usipa. Komanso zonsezi zinaswedwa konkuno m'mathanki a anthu, nyanja sizinaionepo.

Vuto ndi ili. Mafyuluta ndi awiri, ali m'kabati pansi, koma amene anaika mapaipi anawaunjika onse kumanja, okoka ndi obweza omwe. Madzi amatuluka n'kulowanso pomwepo. Kumanzere kuli zii ngati chithaphwi. Kuseri kwa miyala ndowe za nsomba zaunjikana, pamchenga pamera ndere yoterera yonunkha matope, ndipo pamwamba pa madzi pagona kafuta. M'mawa ndikayatsa nyali ndimapeza nsomba zingapo zili pamwamba, zikupuma mwawefuwefu.

Pa kupumako pali chinthu chimene ambiri sitiganizira. Johannesburg ili pamtunda kwambiri, mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene nyanja yathu ili pa mamita 470 ndi kanthu. Mpweya wa kuno ndi wopepuka, n'chifukwa chake ketulo imawira pa madigiri 94 ndipo nyemba zimachedwa kupsa. Madzi nawonso amamwa okosijeni wochepa. Pa madigiri 25, lita ya madzi ku Durban imatha kusunga mamiligalamu 8.3, ku Chembe 7.8, kuno 6.7 basi. Ndipo okosijeniyo amalowera pamwamba, pamene madzi akumana ndi mpweya. Pamwambapo pakagona phee, thanki yonse imabanika.

Pampu yake ndi yaing'ono ngati nkhonya, ya pulopela, imamatirira pagalasi ndi magineti. Imayendera mavoti 24, ndipo pa bokosi alemba kuti imakankha malita 10,000 pa ola. Ili ndi kabokosi kowongolera: batani la mphamvu kuyambira 1 mpaka 10, ndi kokhotetsa kosankhira kuti izipuma ndi kuyaka mofulumira bwanji.

Lolemba, 5 Juni

Ndinaiika kumanzere, kumene kuli vuto, pakatikati pa galasi la kumapeto, yoloza pansi pang'ono. Mphamvu 10. Ndinkafuna ndione chimene ingachite.

Ndaona. M'mphindi ziwiri madzi anali mbuu, mchenga wa pakati wakumbika mpaka galasi la pansi kuonekera. Aulonocara zinathawira kukona n'kupinda zipsepse. Choopsa chinali mwala umodzi waukulu umene unapendekeka nditauyang'ana, kusonyeza kuti unakhala pamchenga osati pagalasi. Mbuna ndi akatswiri okumba, ndiye tsiku lina zikanaugwetsa zokha, pampu yangofulumizitsa. Ndazimitsa, ndaviika mikono mpaka m'khwapa, ndakhazika miyala yonse pansi penipeni, kenako n'kubwezera mchenga mozungulira.

Kenako ndinaikweza kwambiri, masentimita 8 pansi pa madzi. Inayamba kukoka mpweya pamwamba, kamvuluvulu kakutsikira mu pulopela, phokoso ngati mwana akumaliza thobwa ndi paipi. Ndatsitsa pang'onopang'ono mpaka kamvuluvuluko kanasiya. Pakhala pa masentimita 18, yoloza molunjika, mphamvu 4.

Lachinayi, 8 Juni

Madzi oyera saonetsa kumene akupita, ndiye ndang'amba tinsalu ta chitenje chakale, ndamangirira pa timitengo ta kanyenya, ndazika m'mchenga malo 8. Pamwamba zinthu zili bwino, kafuta katha, nsomba sizikukweranso m'mawa. Pansi tinsalu ta pakati tikuweramira kumanzere, ta kuseri kwa miyala tangolendewera. Ndaona zimenezi koma tanthauzo lake sindinaliganizire, mtima uli pa mafunde.

Loweruka, 10 Juni

Lero kunabwera alamu anga a ku Turffontein, amene ndi a zamagetsi, pamodzi ndi mwana wawo wamkazi amene akuphunzira uinjiniya. Anandipeza ndikukhotetsa kabokosi uku ndi uku, madzi akungothimbwidzika osapanga funde.

Mwanayo anayang'ana kanthawi n'kunena kuti, "Malume, mukukankha katungwe musanaone kuti akubwerera liti."

Ndipo ndi zoona. Mwana ali pa katungwe, ukamukankha pamene wayamba kupita, chala chimodzi chimakwana. Ukamukankha akubwera, mumagundana. Madzi a m'thanki nawonso ali ndi kayendedwe kawokawo. Amene anatungako madzi akudziwa: ukasenza ndowa n'kuyenda pa liwiro lina lake, madzi amayamba kukhavukira kutsogolo ndi kumbuyo mpaka kukunyowetsa msana, koma ukasintha mapazi amadekha. Ndi chifukwa chake amayi ankathyola masamba n'kuika pamwamba pa ndowa.

Tinazimitsa zonse. Ndinatenga chivindikiro cha pulasitiki, n'kukankha madzi kumapeto katatu, n'kuchichotsa. Thanki yonse inayamba kupendama yokha, kumanzere kukakwera kumanja kukutsika. Iye anagwira foni, ine ndikuwerenga madzi akafika pamwamba kumanzere. Maulendo 10 anatenga masekondi 21.8, kachiwiri 22.1, kachitatu 22.0. Ndiye kuti ulendo umodzi, kupita ndi kubwerera, ndi masekondi 2.2.

Sanakhutire mpaka atawerengera pa pepala. Akuti pali samu yakale ya munthu wina dzina lake Merian, ya mu 1828: utenge kutalika kwa thanki kawiri, ugawe ndi liwiro la funde. Liwirolo limadalira kuya kwa madzi. Kwa ife 9.8 kuchulukitsa ndi mamita 0.62, n'kupeza muzu wake, zikupereka mamita 2.46 pa sekondi. Mamita 4.8 kugawa ndi 2.46 ndi masekondi 1.95. Ndinati nanga bwanji sizikugwirizana ndi foni. Akuti samuyo ndi ya madzi osaya poyerekeza ndi kutalika kwake, pamene thanki yathu ndi yakuya, ndipo atagwiritsa ina yovutirapo anapeza 2.14. Kotsalako ndi miyala, imene ikugwira ntchito ya masamba a pa ndowa aja.

Kupendama kotere akuti kumatchedwa seiche, dzina limene Forel anafalitsa pofufuza nyanja ya Geneva. Ine ndinamuuza kuti nyanja yathu nayo imachita zofananako. Mwera ukaomba masiku angapo, miyezi ino ya Juni ndi Julayi, umakankhira madzi ofunda a pamwamba kumpoto, ndipo kumwera kumakwera madzi ozizira a pansi, odzaza chakudya. Ndi chimodzi mwa zifukwa zimene chigawo cha Mangochi chimakhalira ndi nsomba zambiri. Alamu, amene kwawo ndi ku Dedza, anangoti ife za m'madzi zitipitirire, tiyeni tikadye.

Lamlungu, 11 Juni

Kokhotetsa kalibe manambala, ndiye ndinamata kapepala mozungulira n'kujambula timizere. Ndimakhotetsa pang'ono, ndimawerenga kulira kwa pampu maulendo 10 ndi foni, ndimadikira mphindi ziwiri kuti madzi agwirizane nazo. Kudikirako n'kofunika. Dzulo ndinkadumpha malo oyenera chifukwa cha phuma, funde lisanakule.

Pa masekondi 2.0, kumapeto madzi akukwera theka la sentimita. Pa 2.4 chimodzimodzi. Pa 2.2 zinthu zinasintha ndikuona. Sentimita imodzi, awiri, kenako thanki yonse ikupuma ngati chifuwa cha munthu wogona. Kuwala kwa nyali kukuvina pamiyala monga zimachitikira ku Otter Point, pafupi ndi kwathu ku Chembe, dzuwa likakhala paliwombo. Ndinakhala pansi pa matailosi. Zaka 6 ndisanaione nyanja.

Fuelleborni ndizo zinandisangalatsa. Nsomba imeneyi ili ndi mphuno yonenepa yolendewera ndipo kamwa lake lili pansi, moti imapala ndere itagona chafufumimba pamwala, osaimirira chamutu ngati zinzake. Kunyanja imakhala pamwamba penipeni pa miyala, pamene mafunde amamenya. Yamphongo yaikulu inakwera pamwala wa pakati n'kuyamba kupala, madzi akuikankha uku ndi uku, iyo osasunthika. Inabadwira m'galasi koma thupi lake likudziwa.

Dyera linandipweteka pamenepa. Ndinati ngati 4 ikukoma chonchi, nanga 8? Funde linafika masentimita 4 n'kuyamba kumenya magalasi olimbitsa a m'mphepete, phwa, phwa, phwa. Sindinaone kuti pakona ya kumanja, pabowo lolowera mapaipi, madzi akuthovokera kunja n'kumatsetsereka pa nthambo ya hita mpaka pa soketi imene inali pansi m'kabati. Patapita mphindi 20 nyumba yonse inathima, alendo ali pa tiyi. Swichi yaikulu yoteteza ija ndiyo inagwa, ndipo mwayi wake inagwa. Mlandu ndi wanga ndekha, ndipo ndawauza madamu momwemo.

Lachitatu, 14 Juni

Alamu abwera ataweruka. Akhomera soketi pamwamba m'kabati, ndipo nthambo iliyonse aisiya itsike kaye kupitirira soketi kenako ikwere, kuti dontho likatsetsereka lizigwera pansi pa kagongonoko. Anandiyang'ana nthawi yaitali osalankhula, zimene zinawawa kuposa kukalipa.

Kenako anagwira mwendo wa tebulo funde likuyenda n'kundiitana kuti ndigwire nanenso. Ukugwedezeka pang'ono, kutsata madzi. Anawerengera kuti masekondi 86,400 a tsiku kugawa ndi 2.2 ndi maulendo oposa 39,000. "Alamu, waya sumuthyola ndi mphamvu, umangomupinda kambirimbiri." Amanga ndi mabawuti chitsulo chopingasa kumbuyo kwa tebulo, ndipo tagwirizana kuti funde lisapitirire masentimita 2, komanso lisamayende usana ndi usiku. Guluu wa silikoni wogwira magalasi ali bwino, ndamuyendera ndi tochi ngodya zonse.

Loweruka, 17 Juni

Sabata yathunthu ya mafunde okongola, alendo akujambula ndi mafoni, madamu akusekerera. Lero posintha madzi ndinalowetsa paipi kuseri kwa miyala ya kumanzere, ndipo chimene chinatuluka ndi phala lakuda, lochuluka kuposa kale. Nayitireti, amene amachuluka m'madzi litsiro la nsomba likamawola, ali pa 40, pomwe anali.

Ndinakhumudwa, kenako ndinachita chimene ndikanayamba nacho. Ndinaphika nsawawa zobiriwira zimene ndimadyetsa mbuna, n'kutenga makoko ake, n'kuwamiza malo atatu, n'kumata tepi pagalasi pamene lililonse lagwera. Khoko la pakati likupita zala ziwiri kumanja, zala ziwiri kumanzere, n'kubwerera pa tepi pomwepo. La kukona ya pansi silikugwedezeka n'komwe. Ndinamuimbira mwana wa achemwali uja. Akuti ndi mmene funde lotere lilili: pakati pa thanki madzi amayenda cham'mbali koma sakwera, kumapeto amakwera ndi kutsika koma sayenda cham'mbali, ndipo pangodya ya pansi, pamene khoma lakumana ndi mchenga, palibe kumene angapite. Pomwe funde likuoneka lalikulu ndi maso, pansi pake ndi pamene pali bata.

Ndipo tinsalu ta pa 8 Juni tija tinali titandiuza kale zinazo. Pampu ili kumanzere, ikukankha madzi a pamwamba kupita kumanja. Madziwo akagunda galasi amatsika n'kubwerera chapansi kumanzere, atanyamula zonse zimene apeza, n'kukazitula kunsi kwa pampu, kutali ndi mapaipi okoka. Masiku 12 ndakhala ndikusesera zinyalala kuchipinda m'malo mwa kukhomo.

Chondichititsa manyazi n'chakuti izi ndinazidziwa ndili mwana. Ukataya chitsononkho pagombe mafunde ali pakalapakala, chimangovinavina pamalo amodzi. Chimene chimasowetsa ukonde si funde la pamwamba koma mweza, kukoka kwa madzi kumene sikuoneka, kumene malume anga ankakuyesa poponya chingwe chomangirira mwala asanaganize kotchera. Nyanja ikhoza kukhala yosalala ngati mbale, mweza ukukoka pansi. Funde ntchito yake ndi kudzutsa litsiro pamiyala, kulinyamula ndi kwa mweza. Ine ndinathamangira chooneka.

Chinanso: mwera suomba chaka chonse, ngakhale tsiku lonse mofanana. Ndipo ukaomba, kuseri kwa chilumba cha Thumbi kapena cha Domwe kumakhala kobisala. Aulonocara kwawo ndi pamchenga wa m'munsi mwa miyala, kwakuya pang'ono, kumene zimaima chilili pamwamba pa mchenga kumvetsera tizilombo ndi timabowo ta kumutu kwawo. M'thanki yogwedezeka maola ambiri zimvetsera chiyani? Sabata yonseyi zinayi zija zadya mochepa, ndipo ndimayesa ndi ndewu.

Ndazimitsa mafunde. Ndasamutsira pampu kumanja, pamwamba pa mapaipi okoka, masentimita 18 omwe aja pansi pa madzi, yoloza kumanzere motsata galasi la kutsogolo. Mphamvu 4, yosapumira. Makoko atatu aja anayamba kukwawa chapansi kulowera kumanja, ndipo awiri anakakamira pa sefa ya paipi pasanathe mphindi 5. Lachitatu linakodwa kuseri kwa miyala.

Loweruka, 24 Juni

Madamu anadandaula kuti funde lapita kuti, alendo analikonda. Ndinawafotokozera, ndipo avomera kugula pampu yachiwiri ya mtundu womwewo. Yafika Lachinayi.

Mapampu awiriwa amatha kulumikizana kuti ina izitsatira inzake. Poyesa ndinaika yatsopano kumanzere, zonse pa 2.2, zikuyaka nthawi imodzi. Funde linafa. Ndinayamba kukayikira pampu, kenako ndinaseka ndekha: anthu awiri akukankha katungwe mmodzi, wina kutsogolo wina kumbuyo, nthawi imodzi. Nditasintha kuti zizisinthana, iyi ikayaka iyo ipume, funde la masentimita 2 linabwera pa mphamvu 2 yokha. Mwachidwi ndinabwezanso zoyakira limodzi n'kufulumizitsa mpaka masekondi 1.3, ndipo panatuluka funde lina, pakati pakukwera pamene kumapeto konse kukutsika. Lokongola, koma si limene ndikufuna.

Mmene ndasiyira ndi motere. Ndazilekanitsa. Ya kumanja ndiyo mweza, imayenda nthawi zonse, mphamvu ikusinthasintha yokha pakati pa 3 ndi 5, usiku 2. Ya kumanzere ndiyo mwera. Ndaiika kumbuyo, masentimita 25 pamwamba pa mchenga, yoloza kumanja kudzera mumpata wa pakati pa miyala ndi galasi la kumbuyo, ndiye ikukankhira komwe madzi a pansi akupita kale. Imagunda pa masekondi 2.2, mphamvu 4, funde la sentimita imodzi ndi theka. Ndaiika pa taimala kuti iziyaka katatu patsiku, mphindi 30: 8 koloko m'mawa alendo ali pa kadzutsa, 1 koloko, ndi 5 koloko. Kutsogolo kumanzere ndaimika mwala wafulati ngati chitseko, ndipo kuseri kwake kansalu kakungogwedera pang'ono. Pamenepo ndi pa Aulonocara.

Tsiku loyamba madzi anada kwa ola lathunthu, zakale zonse zikudzuka. Thonje la m'mafyuluta ndalichapa kawiri m'masiku atatu, m'madzi a m'thanki momwemo osati a pampopi, kuti klorini asaphe tizilombo tothandiza kuyeretsa madzi timene timakhala m'thonjemo.

Lachinayi, 29 Juni

Achimwene a ku Ntcheu amene amalondera usiku andidikira pageti m'mawa. "Achimwene, nyanja yanu ija yayamba kuwinduka 2 koloko usiku. Ine ndimayesa kwalowa munthu." Akuti anazungulira nyumba ndi tochi kawiri asanazindikire kuti phokoso likuchokera m'thanki.

Taimala ndinagula yotchipa, yozungulira ngati wotchi. Magetsi akathima nayonso imaima, akabwera imapitiriza pomwe inalekera. Ndi kuthimathima kwa masiku ano, pa masiku 5 yatsalira maola ambiri, mwera wa madzulo n'kumabwera pakati pa usiku nsomba zili mtulo. Ndagula ya manambala yokhala ndi kabatire mkati.

Ndaonanso kuti yachikasu imodzi yaikazi yatupa kukhosi ndipo yasiya kudya. Yafungatira mazira m'kamwa. Yasankha kukhala kuseri kwa mwala wafulati uja, pamodzi ndi Aulonocara. Ikapirira, ndi milungu itatu.

Lolemba, 10 Julayi

Kwagwa sinowo mu Johannesburg. Ndinali ndikusesa masamba pa dziwe pamene tinthu toyera tinayamba kugwera pa jekete, ndipo achimwene a ku Ntcheu, amene anali asanapite, anavula chipewa n'kumatolera. Akuti komaliza kunali mu 2012, ine ndinali ndisanabwere. Tajambulitsa, tatumiza kumudzi.

Tsiku lomwelo magetsi anapita maola 4. Mwayi wake Loweruka alamu anali atamaliza za mabatire. Atenga mabatire awiri a makina otsegulira geti, a mavoti 12 ndi 7Ah lililonse, awalumikiza motsatizana kuti apereke 24, ndi kachipangizo kosinthira kokha magetsi akathima. Alumikiza pampu ya kumanja yokha. Pa mphamvu 3 anayeza kuti ikudya mawati 8, ndiye maola 4 si kanthu. Mahita awiri a mawati 300 sangayende pa timabatire totere, choncho ndinafunditsa thanki mabulangete awiri a m'chipinda cha alendo, n'kusiya kampata kolowera mpweya. Kutentha kunatsika kuchoka pa 25 kufika pa 24. Palibe nsomba imene inakwera pamwamba. Kale magetsi akapita maola awiri okha zinkayamba kuwefuka.

Pali mtengo wake umene sindinauwerengere. Madzi ogwedezeka amauma msanga, makamaka ndi mpweya wouma wa chisanu cha kuno. Kale ndinkaonjezera malita 15 pa sabata, tsopano 25, ndipo mahita akuyaka nthawi yaitali chifukwa nthunzi imapita ndi kutentha. Madzi akatsika masentimita awiri funde limafookanso pang'ono, popeza kuya kukasintha masekondi aja amasuntha. Ndajambula kamzere pagalasi la m'mbali, ndipo ndimadzaza kawiri pa sabata, osaiwala mankhwala ochotsa klorini ndi kloramini.

Loweruka, 22 Julayi

Nayitireti ali pa 20, kusintha madzi kuli chimodzimodzi ngati kale, gawo limodzi mwa magawo anayi sabata iliyonse. Ndere yonunkha ija yatha yokha. Paipi ya kuseri kwa miyala lero yatulutsa madzi oyera, ndipo litsiro ndikulipeza m'mafyuluta, amene tsopano ndikuchapa milungu iwiri iliyonse. Aulonocara zabwerera pamchenga, zikuima chilili n'kumajompha. Mwera wa 8 koloko ukayamba, fuelleborni zonse zimakwera pamwala wa pakati ngati zamva belu.

Mapampu ndawaviika mu viniga ola limodzi, chifukwa laimu wa m'madzi anayamba kuuma pa pulopela ndipo ya kumanja inayamba kulira ng'ii. Yasiya. Ndizichita mwezi uliwonse.

Yachikasu ija yalavula dzulo. Ndawerenga tiana 11 m'ming'alu ya kuseri kwa mwala wafulati. Ndaveka pampu ya kumanzere kasiponji kokhala ndi mabowo akuluakulu kuti tisakokedwe, ndipo chifukwa kasiponjiko kakudya mphamvu, ndakweza kuchoka pa 4 kufika pa 5 kuti funde libwerere pa sentimita imodzi ndi theka.

Patsala malo amodzi, kunsi kwa mwala waukulu wa pakati chakumanzere, kukula ngati chikhatho, pamene ndowe zikusonkhanabe. Pampu sindiikhudzanso. Loweruka likudzali posintha madzi ndidzautembenuza mwalawo pang'ono kuti mpata wake uyang'ane kumanja, ndipo alamu alonjeza kudzandigwirira, bola asanyowe malaya. Madamu akufuna kuonjezera nsomba 10. Ndawapempha adikire mpaka Seputembala, ndione kaye mmene thanki ipumire kukayamba kutentha.